Ndi dera liti la Zomba lomwe munthu wa malipiro ochepa angapezeko nyumba ya lendi?

Mayi wina wa ku Kasungu watilembera motere: "Kuntchito andisamutsira ku Zomba, ndipo ofesi yathu ili m'tauni mwenimweni, kufupi ndi msika waukulu. Ndili ndi ana awiri a ku pulayimale komanso mng'ono wanga amene ndimakhala naye. Malipiro anga ndi ochepa, galimoto ndilibe, ndipo ku Zomba sindinakhaleko. Ndikufuna nyumba ya zipinda ziwiri zogona. Anzanga ena akuti ndikafufuze ku Chikanda chifukwa n'kotchipa, ena akuti ku Matawale kapena ku Chinamwali. Kodi ndiyambire kuti?"

Mayi, zikomo chifukwa cha funso lanu. Ndakhala ndikuthandiza anthu kupeza nyumba ndi kulemberana mapangano a lendi mumzinda uno kwa zaka zambiri, ndipo chimene ndimayamba kuuza mlendo aliyense n'chakuti ku Zomba mtengo wa nyumba umatsata kutsetsereka kwa nthaka. Mukadzatsika basi pa depoti n'kutukula maso, mudzaona phiri la Zomba litaima pamwamba pa mzinda wonse. Atsamunda anamanga maofesi ndi nyumba zawo m'mphepete mwa phirilo, ndipo mzindawu unali likulu la dziko mpaka m'chaka cha 1975 pamene likulu linasamukira ku Lilongwe. Mpaka lero madera a kumtunda monga Mulunguzi, Old Naisi ndi Mangasanja ndi a mapuloti akuluakulu, a mitengo yambiri ndi lendi yokwera. Mukamatsetsereka kuchoka kumeneko, mapuloti amanka nachepa, nyumba zimanka nizithithikana, lendi nayo imanka nitsika, mpaka mukafike ku mtsinje wa Likangala, umene umalandira madzi a Mulunguzi ndi timitsinje tina tochokera kuphiri n'kukawathira m'nyanja ya Chilwa. Kumene madzi a mvula amathamangira n'kumenenso lendi imatsikira, choncho nyumba ikakhala yotchipa modabwitsa, funso loyamba likhale lakuti madzi amadutsa pati mu Januwale.

Chachiwiri chimene muyenera kudziwa n'chakuti nyumba yomwe mukufunayo ndi yomwe aliyense akufuna. Zomba ndi mzinda waung'ono. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa pang'ono 105,000. Koma mumzinda waung'onowu muli anthu ambiri olandira malipiro a pamwezi: asilikali a ku Cobbe Barracks ndi ku Air Wing, apolisi, ogwira ntchito ku ndende, anamwino ndi madokotala a ku Zomba Central Hospital ndi ku chipatala cha matenda a maganizo, ogwira ntchito ku MANEB, ku National Statistical Office ndi ku maofesi ena a boma amene sanasamuke pamene likulu linkasamuka, kuphatikizapo aphunzitsi ndi ophunzira a ku University of Malawi. Si onse amene ali ndi nyumba za kuntchito, ndipo otsalawo amalimbirana nyumba zomwezi za zipinda ziwiri kapena zitatu, zokhala ndi madzi ndi magetsi. Chipinda chimodzi cha pa mdadada mutha kuchipeza tsiku lomwelo, nyumba yaikulu ya mumpanda nayonso simavuta kwa amene ali ndi ndalama, koma nyumba ya pakatikati ikangotuluka munthu, sigona masiku ambiri. Mitengo yeniyeni yakhala ikusintha pafupipafupi, makamaka kuchokera pamene kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, koma dongosolo la madera, lakuti uku n'kokwera ndipo uku n'kotsika, silinasinthe kwenikweni.

Ndiyambe ndi Chikanda, popeza ndi kumene anzanu akukutumizani. Anzanuwo sakunama, koma akunena za Chikanda wa kale kapena wa munthu wosakwatira. Derali lili moyandikana ndi sukulu ya ukachenjede, imene ambiri timaitchulabe kuti Chanco ngakhale dzina la Chancellor College linatha pamene University of Malawi inagawidwa mu 2021. Sukuluyi inasamukira ku Chirunga, kuno ku Zomba, kuchokera ku Blantyre mu 1973, ndipo chiwerengero cha ophunzira chakula kwambiri kuposa malo ogona a pasukulupo, moti ambiri amagona kunja. Eni nyumba a ku Chikanda anaona msanga kuti chipinda chimodzi chikagonamo ophunzira awiri kapena anayi, aliyense n'kumalipira payekha, chimabweretsa ndalama yoposa imene banja lingalipire pa nyumba yonse. Zotsatira zake n'zakuti nyumba zabwino za kumtunda kwa Chikanda zinasanduka mahositelo, ndipo banja lofuna nyumba yonse limapikisana ndi ndalama za mitu isanu ndi umodzi kapena isanu ndi itatu. Nyumba zimene zatsala pa mtengo wotsika nthawi zambiri ndi za kumunsi, cha ku Likangala, kapena ndi zomwe ophunzira azikana chifukwa cha chimbudzi kapena madzi. Palinso nkhani ya ana anu. Kukhala pa puloti imodzi ndi achinyamata amene amagona usiku kwambiri ndi kulandira alendo nthawi iliyonse si tchimo la achinyamatawo, koma sizigwirizana ndi mwana wa Sitandade 3 amene ayenera kudzuka m'mamawa. Ndaonanso mabanja akuuzidwa kuti atuluke sukulu ikatsala pang'ono kutsegulidwa, chifukwa mwini nyumba wapeza ophunzira. Kwa inu, Chikanda ndingamuike kumapeto.

Za mtsinjewu ndikufuna ndikhalitsepo pang'ono, chifukwa ndi pamene alendo ambiri amapwetekera. Zomba amalandira mvula yambiri chifukwa cha phiri, ndipo akuluakulu amakumbukirabe Napolo wa mu Disembala 1946, pamene madzi, miyala ndi matope zinatsika kuphiri n'kuwononga milatho ndi nyumba m'tauni. M'zaka zaposachedwapa tinaona madzi osefukira a mu Januwale 2015, namondwe wa Idai mu Malichi 2019, wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023. Pa nthawi zoterezi nyumba zimene zimavutika kwambiri ndi za m'malo otsika a m'mbali mwa mitsinje ndi zomangidwa ndi zidina, zomwe zimanyowa kuchokera pansi mpaka khoma kugwa lokha ngakhale mtsinje usanafike pakhomo.

Chaka china m'mwezi wa Seputembala ndinaperekeza mphunzitsi wina kukaona nyumba cha kumunsi, mtunda wochepa kuchokera ku Likangala. Nyumbayo inali yooneka bwino, ya malata atsopano, ya simenti pansi, ndipo mtengo wake unali wotsika kuposa nyumba zina zofanana nayo. Mtsinje unali utaphwa, ana akuwoloka podumpha miyala, amayi akuchapa, ndipo palibe chimene chikanamuopsa munthu. Ndinaona kuti khoma la pabalaza linali lopakidwa laimu watsopano kuyambira pansi kulekeza m'mawondo, koma sindinafunse chifukwa chake, ndipo ndinamulimbikitsa mphunzitsiyo kuti alipire miyezi itatu. Mu Febuluwale anandiimbira foni ali pamwamba pa tebulo ndi mabuku a ana a sukulu, madzi atalowa usiku kudzera pansi pa chitseko. Nditapitako ndinakayang'ana kuseri kwa bafa, kumene sanapakeko laimu, ndipo mzere wa matope a zaka zam'mbuyo unali poonekeratu, pa msinkhu womwewo wa m'mawondo. Kulakwa kunali kwanga, ndipo kuyambira pamenepo sindilola munthu kulipira nyumba ndisanazungulire kuseri.

Inunso mukadzapita kukaona nyumba, musadzathere nthawi pabalaza. Mudzayang'ane kutalika kwa maziko, ngati khonde lili pamwamba pa bwalo ndi masitepe awiri kapena atatu, kapena ngati bwalo ndi pansi pa nyumba zili pa mulingo umodzi. Mudzayang'ane m'munsi mwa makoma a kunja ngati muli ndere zobiriwira kapena pulasitala wofufuma, ndipo m'zipinda mudzanunkhize ngati muli fungo la chinyontho. Mudzaone ngati pali ngalande yotenga madzi ochokera kumtunda ndiponso kumene ngalandeyo ikuthera, chifukwa ngalande zina zimathera pakhomo pa munthu. Ngati chimbudzi n'chokumba, mudzafunse kuti chimadzaza msanga bwanji nthawi ya dzinja, popeza m'malo otsika madzi a pansi amakwera, zimbudzi n'kusefukira, ndipo aliyense amene anaona kolera wa mu 2022 ndi 2023 sangachepetse nkhani imeneyi. Mukatero, mudzachoke pa pulotipo n'kukacheza ndi mayi wogulitsa tomato kapena makala pafupi, mumugule kanthu, n'kumufunsa kuti madzi a Freddy analekeza pati ndiponso kuti amene ankakhala m'nyumbayo anatulukiranji. Iyeyo alibe chifukwa chokubisirani.

Tsopano madera amene ndikuona kuti angakuyenereni. Mpondabwino ali kufupi ndi chipatala chachikulu, ali ndi msika wakewake, ndipo ubwino wake waukulu kwa inu ndi wakuti mutha kupita kuntchito wapansi. Nyumba zake n'zothithikana, zambiri n'zakale, ndipo mbali ina ya derali yatsetserekera ku Likangala, choncho zonse ndanena za madzi zigwire ntchito kumeneko. Mukapeza nyumba ya kumtunda, ya maziko okwera ndi mpopi wakewake, muitenge, chifukwa ndalama ya mayendedwe idzatsala m'thumba mwanu mwezi uliwonse. Ku Sadzi nyumba n'zotsikirapo mtengo, kuli chipatala chaching'ono, ndipo mabanja ambiri a malipiro ngati anu amakhala kumeneko mwamtendere. Vuto la ku Sadzi limachokera kumwamba: nyumba zina zinakwera m'phiri la Sadzi, ndipo mvula ikagwa yamphamvu madzi amatsika ndi liwiro, kukumba misewu ndi kugwetsa mipanda. Kumeneko muyang'ane zimene zili kumtunda kwa nyumba, osati kumunsi kokha.

Chinamwali ali pa msewu waukulu wa M3 popita ku Liwonde, ndipo ndi tauni payekha, wokhala ndi msika waukulu, zigayo, masitolo, matchalitchi ndi mizikiti. Mayendedwe savuta chifukwa maminibasi ndi timagalimoto tonyamula anthu timadutsa tsiku lonse, ndipo zinthu zambiri za pakhomo mutha kugula komweko osapita m'tauni. Nyumba za kumeneko n'zosiyanasiyana kwambiri, kuyambira midadada ya chipinda chimodzi mpaka nyumba za selufu za mumpanda, moti munthu wofufuza modekha amapeza ya msinkhu wake. Mtengo umatsika mukamatalikira msewu waukulu kulowera cha kuphiri, koma kumeneko njira n'zamiyala, wakabaza amakweza mtengo kapena kukana kumene kukafika, ndipo pa malo okwera madzi a mumpopi amatha kubwera mofooka kapena usiku wokha. Mudzatsegule mpopi nokha masana, ndipo mukaona migolo ndi zigubu zambiri pakhonde la anthu oyandikana nawo, mudziwe kuti pali chifukwa. Poti muli ndi ana aang'ono, musankhe nyumba imene ili mbali imodzi ya msewu ndi sukulu yawo, kuti asamawoloke M3 m'mawa uliwonse.

Matawale ali pa msewu wopita ku Air Wing ndi ku Jali, pa malo athyathyathya, ndipo mbali yaikulu ya derali inagawidwa mapuloti mwadongosolo, moti misewu ilipo yoti galimoto yonyamula katundu ifike pakhomo. Kuli chipatala chaching'ono ndi msika, ndipo nyumba za zipinda ziwiri kapena zitatu zimapezeka mochulukirapo kuposa m'madera a pafupi ndi tauni, chifukwa anthu akhala akumanga kumeneko ndi cholinga chochititsa lendi. Kwa banja ngati lanu, Matawale ndi dera lokhazikika bwino. Koma kufanana kwa nthakako kuli ndi mbali yake ina, yakuti madzi sachoka msanga, ndipo mapuloti a kumunsi, oyandikira mitsinje, amadikha madzi ndi matope m'dzinja. Chinanso n'chakuti simungayende wapansi tsiku ndi tsiku kupita ku ofesi yanu, choncho lendi ya ku Matawale muziiwerengera pamodzi ndi ya mayendedwe.

Kuwerengeraku n'kosavuta, koma ambiri sachita. Pa mwezi mumagwira ntchito masiku pafupifupi 22, kutanthauza maulendo 44 opita ndi kubwerera. Mutenge mtengo wa ulendo umodzi wa minibasi kapena wa kabaza, muuchulukitse ka 44, muwonjezerepo maulendo a kutchalitchi, a kuchipatala ndi a mng'ono wanu, ndipo zimene mupezezo muziphatikize ku lendi. Nthawi zambiri mudzaona kuti nyumba yokwererapo ya pafupi ndi tauni ikufanana mtengo ndi nyumba yotchipa ya kutali, mwinanso kukhala yotsikirapo. Mukumbukirenso kuti mtengo wa mayendedwe umakwera tsiku lomwelo mafuta akakwera kapena akasowa, pamene lendi imadikira kukambirana. Izi zikukhudza kwambiri Three Miles, pa msewu wa ku Blantyre, kumene dzina lenilenilo likukuuzani mtunda, womwe ndi pafupifupi makilomita 5. Kumeneko mutha kupeza nyumba yaikulu, ya bwalo loti n'kulimapo ndiwo zamasamba, pa mtengo wa nyumba yaing'ono ya m'tauni, ndipo n'koyenera munthu amene ali ndi njinga yake kapena amene sapita m'tauni tsiku lililonse.

Ndola ndi Kalimbuka ndi madera okonzedwa bwino, a pafupi ndi tauni ndi sukulu ya ukachenjede, ndipo kuli nyumba za Malawi Housing Corporation zimene lendi yake imakhala yotsika poyerekeza ndi za anthu wamba. Ofuna nyumba zimenezi ndi ambiri ndipo amene alimo satulukamo wamba, choncho kalembetseni ku ofesi yawo, koma musadikire zimenezo kuti musamuke. Munthu akakuuzani kuti akulowetsani m'nyumba yotere m'dzina lake inu n'kumalipira kwa iye, mudziwe kuti pepala lililonse lidzakhala la iyeyo ndipo tsiku la mavuto inu simudzakhala ndi poimira. M'madera omwewa ndi a kumtunda aja mumapezekanso tinyumba ta kuseri kwa nyumba zikuluzikulu, timene kale munkagona antchito. Timakhala ndi chitetezo chabwino ndi madzi odalirika, koma kawirikawiri ndi ta chipinda chimodzi kapena ziwiri zazing'ono, ndipo eni ake ambiri safuna banja la ana.

Pa nkhani ya madzi ndi magetsi, chimene chimadanitsa anthu pa puloti si mtengo wake koma kugawana. Madzi a mumzinda uno amachokera ku damu la Mulunguzi pamwamba pa phiri kudzera ku Southern Region Water Board, ndipo magetsi ndi a ESCOM, ambiri a mita yogulira mayunitsi. Pa mdadada wa makomo asanu wokhala ndi mita imodzi, mwezi ukamatha pamakhala msonkhano wowerengana mababu, ndipo pamabuka mafunso akuti ndani ali ndi firiji, ndani akusita ndi ayironi ya magetsi, ndani akuphikira nyemba pa hotipuleti usiku anzake atagona. Ndakhalapo pa milandu yotereyi kangapo, ndipo anthu amene ankapatsana mchere amafika posalankhulana. Nyumba ya mita yakeyake, ya magetsi ndi ya madzi, ndi yoyenera kuilipira mowonjezerapo pang'ono. Musanalowe, muone bilu yomaliza ya madzi ndi maso anu, mulembe manambala a pa mita tsiku lolowa, ndipo mwini nyumba asayinire kuti ngongole ya m'mbuyo si yanu.

Pofufuza mudzakumana ndi madobadoba, amene ena ndi othandiza ndithu chifukwa amadziwa nyumba imene ituluke munthu mawa. Koma musatumize ndalama pa foni muli ku Kasungu chifukwa cha zithunzi za pa WhatsApp kapena pa Facebook, ngakhale akuuzeni kuti pali wina amene akufuna kulipira lero. Mulipire mutalowa m'nyumbamo, mutakumana ndi mwini wake weniweni, ndipo oyandikana nawo kapena amfumu a m'deralo atatsimikiza kuti ndi yake. Eni nyumba ambiri amafuna miyezi itatu poyamba, ena amawonjezerapo dipoziti, choncho mukonzekere. Pangano lilembedwe, ngakhale pa pepala la m'kope, lonena lendi ya pamwezi, tsiku lolipira, nthawi ya notisi kwa mbali zonse ziwiri, amene adzakonze denga likadontha, ndi nthawi imene lendi ingakwezedwe. Pakhale mboni ziwiri, ndipo nthawi iliyonse mukalipira mulandire lisiti kapena musunge uthenga wa pa foni. Pepala limeneli ndi limene amfumu kapena khoti lidzafunse mukadzasemphana.

Mukanakhala mchemwali wanga, ndikanakuuzani kuti mubwere nokha kaye, ana atsale ndi mng'ono wanu, mugone kwa mnzanu wa kuntchito kapena mutenge chipinda chimodzi kwa mwezi umodzi. M'mwezi umenewo muyambe ndi kumtunda kwa Mpondabwino ndi mbali za Sadzi zoyandikira tauni, chifukwa cha mwayi woyenda wapansi, ndipo kukakanika mupite ku Chinamwali, pa mtunda wa mphindi zochepa kuchokera pa msewu waukulu, kapena ku Matawale pa puloti yokwera. Muuze anzanu onse a kuntchito ndi a kutchalitchi kuti mukufuna nyumba, pakuti nyumba zabwino za ku Zomba zimapatsiranidwa pakamwa pamene wina akusamutsidwa, zisanafike kwa dobadoba. Mupewe kufufuza m'masabata amene ophunzira a ku Chanco akutsegulira, chifukwa eni nyumba amakhala ataumitsa mitengo. Ngati kusamuka kwanu kwagwera pakati pa Disembala ndi Malichi, mukaone nyumbayo tsiku limene kwagwa mvula yamphamvu, muyende wapansi kuchokera pakhomopo kukafika ku sukulu ya ana, muone ngati pali mtsinje kapena ngalande yoti awoloke. Ngati kwagwera m'chilimwe, pangano loyamba likhale la miyezi isanu ndi umodzi yokha, lokhala ndi notisi ya mwezi umodzi, kuti mvula ikadzayamba n'kuona kuti madzi akulowa, mudzathe kutuluka osataya ndalama.